Akathyoka, Adzalipira Ndani?

Loweruka lapitali aneba athu anagogoda pa geti m'mamawa, malaiti atapita kale. M'manja anali ndi envelopu yoyera imene anaikulunga m'pulasitiki ya buledi kuti isade. Tiyi anakana. Anakhala pa kampando ka pakhonde, nandipatsa envelopuyo ndi manja awiri, ngakhale kuti ine kwa iwo ndine mwana, ndipo anandionapo ndikuyenda wopanda kabudula.

"Iwe unayendako ku masukulu aya," anatero. "Nibelengeleko. Bakamba ati mwana azaphunzila mahala."

Mwana waoyo walemba kumene mayeso a Giredi 7. Ndimamuona madzulo akuchokera ku msika wa Stage 1 ndi thumba la malasha pamutu, akuthamanga ngati sanasenze kanthu. Kalatayo inali ya masamba atatu, m'Chingerezi chosalala. Tsamba loyamba linali kuyamikira mwanayo ndi kumulandira pa scholarship ya rugby. Lachiwiri linali mndandanda wa zovala. Lachitatu linali la zilembo zing'onozing'ono, ndipo penapake pakati panalembedwa kuti malo a mwanayo adzaunikidwanso kumapeto kwa chaka chilichonse, poona khalidwe lake ndi zimene akuchitira sukulu pa masewera.

Nditafika pamenepo ndinaleka kuwerenga mokweza. Sukulu inali ina, osati imene ndinapitako ine, koma mauwo ndinali kuwadziwa. Amai anga anasaina pansi pa mau onga amenewa zaka pafupifupi 10 zapitazo, pa thebulo lomwe lija timadyerapo nsima.

Ife ana a ku Kaunda Square tinakula ndi chimpombwa. Mapulasitiki mkati, mphira kunja, magoli ndi miyala iwiri, ndipo mpira unali kuima motoka ikamadutsa. Aliyense anali kufuna kukhala Christopher Katongo, chifukwa mu 2012 tinaona ndi maso athu Chipolopolo ikunyamula chikho ku Libreville. Rugby tinali kuiona chabe pa TV ya m'bala, anthu akuluakulu ataunjikana pamwamba pa mnzao, ndipo tinali kuganiza kuti ndi ndeu imene apolisi aloleza.

Ndiye tsiku lina pa bwalo la sukulu yathu panafika bambo wina wamfupi, wa khosi ngati la ng'ombe yokoka ngolo, atanyamula thumba la mipira yooneka ngati mazira aakulu. Anali msilikali wopuma amene anasewerapo rugby masiku ake. Tinali kuwaitana kuti ba Coach. Poyamba sanatilole kugwetsana, popeza bwalo lathu linali miyala ndi fumbi. Anatimanga malamba m'chiuno okhala ndi timichira tiwiri, nati wokuzula mchira ndiye wakugwetsa. Lamulo loyamba linatiseketsa: mpira suponyedwa kutsogolo. "Ufuna kuyenda kutsogolo, thamanga nayo," anatero. "Ufuna kupasa munzako, ponya kumbuyo." Mpira wake unalinso wamwano. Ukagwa pansi, palibe wodziwa kumene udumphire.

Ine ndinali woonda, koma liwiro ndinali nalo. Anandiphunzitsa ndi agalu a m'mayadi a ku PHI, kumene tinali kukaba magwava. Ba Coach anandiyang'ana tsiku loyamba lomwelo nati, "Iwe, uthamanga monga waba foni pa City Market. Ubwele mailo." Patapita miyezi anatitenga pa basi kupita ku Showgrounds, ndipo kumeneko ndi kumene ndinagwa pa udzu koyamba m'moyo wanga. Ndinadzuka ndikufunafuna bala pa chigongono, osalipeza. Ndinagwanso dala kawiri kuti nditsimikize.

Ba Coach anali kukonda mbiri, ndipo m'basi yobwerera anali kutiuza zinthu zimene ndinadzapeza pambuyo pake kuti n'zoona. Rugby inabwera m'dziko muno ndi azungu, ndipo inamera kwambiri ku migodi. Ku Kitwe kuli Diggers, ku Mufulira kuli Leopards, ndipo ku Luanshya, pa bwalo la Roan Antelope, anaimika mitengo ya magoli yoposa mamita 33, imene kwa zaka zambiri inali kutchuka kuti ndi yaitali kuposa ina iliyonse padziko. Kuno ku Lusaka matimu amphamvu ndi a anthu a yunifomu, monga Red Arrows ya asilikali a ndeke ndi Green Buffaloes ya asilikali a pansi. Chimene ba Coach anali kunyadira kopambana n'chakuti pa World Cup ya mu 2003, kaputeni wa Australia, George Gregan, ndi kaputeni wa South Africa, Corné Krige, onse awiri anabadwira mu Lusaka muno. "Manje Zambia?" tinafunsa. Anaseka chabe. Zambia sinafikepo ku World Cup imeneyo. Gregan anapita ku Australia akali kamwana, Krige anakaphunzira ku Paarl. Anabadwira kuno, koma udzu umene anakulirapo unali wa kwina.

Kupatula migodi ndi makampu a asilikali, nyumba yachitatu ya rugby ndi masukulu olipira. Kumeneko mwana amagwira mpira wa dzira akali ku pulaimale, pa bwalo lothiriridwa, ndi kochi wolandira malipiro mwezi ndi mwezi. Koma ana a makolo olipira sakwana nthawi zonse kupanga timu yopambana. Timu imafuna anthu 15: akutsogolo 8, amatupi, okankhana pa scrum, ndi akumbuyo 7, aliwiro. Sukulu ikasowa thupi kapena liwiro, imatuluka kukafuna kumene zili. Ndi mmene bambo wina wovala kabudula wa kaki anadzaimira m'mbali mwa bwalo ku Showgrounds, akulemba m'kabuku, maso ali pa ine ndi pa mnyamata wina wa ku Mtendere.

Sukuluyo sinditchula dzina lake, ngakhale kumene ili. Ba Coach anabwera kunyumba Sondo masana atavala tayi. Amai amagulitsa tomato ndi kapenta pa msika, ndipo pakamwa pao pakali Chichewa cha ku Katete kumene anabadwira. Anamvetsera mpaka kumapeto osadula mau. Ba Coach anafotokoza kuti fizi ya temu imodzi inali kuposa zimene amai anali kupeza chaka chonse, ndipo ife sitidzalipira ngakhale ngwee. Anakamba za bedi, laibulale, makompyuta ndi dziwe losambiramo. Atamaliza, amai anafunsa funso limodzi.

"Nanga akathyoka, adzalipira ndani?"

"Ah, bamai, musaganize voipa," anatero ba Coach. "Mwana uyu ni mphepo, sibazamugwila."

Ndinawakwiyira amai tsiku limenelo. Ndinaona ngati afuna kunditsekera khomo ndi mantha a kumudzi. Ndinalira, ndinakana nsima masiku awiri, ndipo Lachitatu anasaina.

Zaulerezo zinatidya ndalama. Jekete la sukulu, tayi, nsapato zakuda, sutikesi yachitsulo, jombo za rugby, ndi gum shield, kapulasitiki koluma kuti mano asaguluke, zonsezi zinali zathu. Amai anapempha anzao a chilimba kuti mwezi umenewo alandire ndi iwo, ngakhale sinali nthawi yao. Jombo tinakazipeza pa salaula ku Soweto, zazikulu ndi saizi imodzi, ndipo ndinali kuikamo nyuzipepala ku zala. Mlongo wanga, amene anali mu Giredi 10 pa sukulu ya boma, anakhala kunyumba temu yonse yoyamba chifukwa ndalama ya fizi yake inapita ku jekete langa. Nthawiyo sekondale ya boma inali yolipira. Maphunziro aulere mpaka Giredi 12 anadzabwera mu January 2022. Mlongo wangayo sanandikumbutsepo nkhaniyi ngakhale tsiku limodzi, ndipo mwina n'chifukwa chake sindiiiwala.

Chinthu choyamba chimene chinandidabwitsa pa sukulu ija si nyumba zake, koma madzi. M'mawa uliwonse mipopi inali kuzungulira pa mabwalo ikuwaza madzi pa udzu, ngakhale mu October, pamene kwathu amai anali kudzuka usiku kukatchera ndowa pa mpopi wodontha. Chachiwiri chinali chakudya. Nyama tsiku lililonse, mazira, mkaka, ndipo ife a timu anali kutiwonjezera. M'chaka chimodzi malaya amene ndinabwera nao analeka kundikwana m'mapewa. Tsiku lina mnzanga wa ku Mtendere uja anayang'ana mbale yake nati, "Mwana, waona? Batidyesa monga nkhuku za broiler." Tinaseka mpaka kutsamwa.

Loweruka ndinali munthu. Ndinali kusewera ku wing, kumapeto kwa mzere kumene mpira umafika pomaliza, ndipo nchito yanga inali imodzi: kugwira ndi kuthawa. Try ndi mapointi 5, ndipo ine ndinali kuwabweretsa. Makolo a anzathu anali kuimika ma Land Cruiser m'mbali mwa bwalo, akuwotcha nyama, akufuula dzina langa molakwika. Sindinawakonzepo. Linali kumveka bwino ngakhale lopotoka.

Lolemba ndinali kubwerera kukhala mwana wa ku komboni. Anzanga anayamba French ndi kompyuta akali aang'ono. Ine Chingerezi changa chinali cha m'mabuku a boma, ndipo ndikatsegula pakamwa kalasi yonse inali kumwetulira. Maphunziro anali a Cambridge, osati a ECZ amene tinazolowera. Masana ambiri tinali pa bwalo mpaka dzuwa kulowa, ndipo madzulo, nthawi yowerenga, mutu unali kugwera pa desiki. Aphunzitsi ambiri sanali kundidzutsa. Nthawi imeneyo ndinali kuona ngati ndi chifundo.

Panali mdala wina wosamalira mabwalo, amene anali kutchetcha udzu ndi kujambula mizere yoyera. Atamva kuti amai ndi a ku Katete anakondwera kwambiri, chifukwa nayenso anali wa komweko. Anali kundisungira nshawa zokazinga m'kapepala. Tsiku lina ndikuyenda ndi anyamata a ku Kabulonga ndi ku Woodlands, anaimitsa wilibala yake nandipatsa moni: "Mwaswera bwanji, a kwathu?" Ndinamuyankha m'Chingerezi, mau awiri, osaima. Sanandipatsenso moni. Anapitiriza kujambula mizere imene ndinali kuthamangapo, yowongoka bwino, mpaka ndinamaliza sukulu. Palibe mphunzitsi amene anandiuza kuchita zimenezo. Ndinadziphunzitsa ndekha, ndipo malipiro ake ndinali kuwalandira pa holide. Ku Kaunda Square anzanga a chimpombwa anali kunditcha wa kumayadi, pamene ku Kabulonga, ndikapita kukaona mnzanga wa m'kalasi, mlonda wa pa geti anali kundiuza kuti ganyu kulibe.

Mnzanga wa ku Mtendere anali kundiposa pa zonse za pa bwalo. M'chaka chathu chachitatu anamukweza ku timu yaikulu ya sukulu, nambala 14, ine ndili pa benchi. Pakati pa nyengo yozizira tinakasewera kutali, pa bwalo louma ngati simenti, ndipo anapotoka bondo. Usiku linatupa ngati papaya. Ndinamuuza kuti tipite kwa nesi. Anakana.

"Ukakamba, bazanichosa mu timu. Bakanichosa mu timu, bazanichosa pa sukulu. Unaibelenga pepa ija?"

Ndinali nditaiwerenga. Choncho kwa masabata atatu ndinali kumumanga bondo ndi bandeji m'bafa, magetsi atazima, ndi kumupemphera mapanado kwa anyamata ena. Kwa zaka zambiri ndinali kudziuza kuti ndinasunga chinsinsi cha mnzanga. Zoona zake n'zakuti ndikanauza nesi, jezi nambala 14 ikanakhala yanga, ndipo aliyense akanati ndamugulitsa. Ndinasankha kuteteza dzina langa m'malo mwa bondo lake.

Loweruka lachinai palibe amene anamugunda. Anangofuna kukhota ali pa liwiro, ndipo bondo linalira, pha! Ndinamva ndili pa benchi. Kochi anatembenuka nandiuza kuvula juzi. Ndinalowa, ndinagoletsa try, ndipo makolo anaomba m'manja mnzanga akali pa machira kumbuyo kwa magoli.

Madokotala anati mtsempha wa mkati mwa bondo, umene amautcha ACL, waduka. Wofuna kubwerera pa bwalo mtsempha umenewu utaduka amafunika opaleshoni, kenako nthawi zambiri miyezi 9 kapena kuposa ya kuphunzitsanso mwendo. Sukulu inalipira chipatala cha tsiku loyamba ndi ndodo zoyendera. Za opaleshoni anati n'za makolo. Amai ake anali kuchapa zovala m'mayadi a ku Kabulonga. Mu December kalata inafika, yaulemu kwambiri, yomuthokoza ndi kumufunira zabwino zonse.

Palibe amene anaphwanya lamulo. Zonse zinali pa tsamba lachitatu. Koma mnyamata amene wakhala pa maphunziro a Cambridge zaka zitatu alibe satifiketi ya Giredi 9 ya ECZ, ndipo sukulu ya boma sidziwa pomuika. Anamubweza kumbuyo, pakati pa ana aang'ono, iye atatalika, akutsimphina, akukamba Chingerezi cha kumayadi chimene anali kumuseka nacho. Sanathe chaka. Lero ndi kondakitala pa basi za ku Chelstone. Ndikakwera basi yake salandira ndalama yanga, ndipo ine ndinaphunzira kuyang'ana kumbali ndi kudikira basi ina.

Chaka chotsatira, pa 2 November 2019, anatisonkhanitsa tonse mu holo kuti tionere fainolo ya World Cup ku Yokohama. South Africa inagonjetsa England 32 kwa 12, ndipo Siya Kolisi, kaputeni woyamba wakuda wa Springboks, ananyamula chikho. Mbiri yake tonse tinali kuidziwa. Anakulira ku Zwide, komboni ya ku Port Elizabeth, m'manja mwa ambuya ake, nthawi zina kugona ndi njala. Ali ndi zaka 12 anamuona pa mpikisano wa ana ku Mossel Bay, nampatsa scholarship ku Grey, sukulu yotchuka pa rugby. M'timu yomweyo munali Tendai Mtawarira, amene amamutcha Beast, mwana wa ku Harare amene anachoka ku Churchill kupita ku Peterhouse pa scholarship. Mpira utatha, mmodzi wa akuluakulu a sukulu anandigwira paphewa pamaso pa anthu, nati ine ndine Kolisi wao. Ndinamwetulira. Nthawiyo nambala 14 ndinali nditaivala kuposa chaka.

Mbiri ya Kolisi si yabodza, ndipo munthuyo ndimamulemekeza. Koma mvetserani ichi. Mu April 2023 nayenso anavulala bondo, mtsempha womwewo wa ACL. Anamuchita opaleshoni mwamsanga, madokotala ndi ophunzitsa mwendo anamuzungulira, mu August anabwerera pa bwalo, ndipo mu October anali ku Paris akunyamula chikho kachiwiri. Kusiyana kwa bondo lake ndi la mnzanga sikunali m'mafupa. Kunali pa funso lija la amai.

Palinso munthu wina wa tsiku lija la ku Yokohama amene ndimamukumbukira. Try yoyamba imene South Africa inagoletsapo mu fainolo ya World Cup inachokera kwa Makazole Mapimpi, wa kumudzi ku Tsholomnqa, amene sanapite ku sukulu iliyonse yotchuka, ndipo jezi ya dziko anaivala koyamba ali ndi zaka 27. Anthu amati ndi chozizwitsa. Ine ndimafunsa kuti ndi angati onga iye amene bambo wa kabuku sanadutse kwao. Kuno kwathu luso lilipo. Anyamata athu a rugby ya anthu 7 anafika ku Commonwealth Games ku Gold Coast mu 2018, ndi ku Birmingham mu 2022. Koma scholarship imatola mmodzi kapena awiri, ndipo bwalo la fumbi limene anachokerako limakhala lomwelo. Pa ana onse amene ba Coach anamanga timichira chaka chathu, awiri chabe ndi amene tinapita pa udzu, ndipo womaliza ndinali ndekha.

Ndisaname, sukulu ija inandipatsa zambiri. Inandipatsa mabuku amene sindikanawagwira, ndi anzanga ena enieni amene timaonana mpaka lero. Inandipatsanso mphunzitsi wa masamu, mai wina waukali, amene anakana kundisiya kugona. Mnzanga atachoka, anandiitana mu ofesi yake nandiuza mosabisa kuti miyendo yanga ndi ya sukulu mpaka Loweruka lomaliza, koma mutu ndi wanga, ndipo nditulutse pamalopo chilichonse chimene mutuwo unganyamule. Kuyambira pamenepo anali kuima kumbuyo kwanga madzulo alionse ndi rula. Ndinamuda temu yonse. Ndi chifukwa cha iye kuti ndinalowa ku UNZA, pa Great East Road pomwepa, mtunda umene ndimatha kuyenda wapansi ndikasowa ya basi. Rugby ndinaleka, ndipo phewa lakumanja limandiuza mvula ikamayandikira. Koma ndikali kuikonda. Loweruka lina mudzandipeza ku Showgrounds ndikufuula mpaka mau kutha.

Chimene ndinamvetsa mochedwa n'chakuti scholarship ya masewera si mphatso, komanso si kuba. Ndi malonda. Sukulu yolipira imagulitsa malo kwa makolo, ndipo timu yopambana Loweruka ndi chikwangwani chake. Iwe imakupatsa kalasi, bedi ndi nyama, ndipo umalipira ndi thupi. Malonda si oipa; amai anga atilera ndi malonda. Koma pa msika wa Stage 1 palibe amene amagula meda ya kapenta osalowetsa dzanja kuona za pansi. Vuto la malonda awa n'lakuti mbali imodzi ili ndi anthu ophunzira olemba tsamba lachitatu, ndipo mbali inayo ili ndi mwana wa zaka 13 amene wamva za dziwe losambiramo. Vuto lina n'lakuti mau a pa tsambalo amaphunzitsa mwana kubisa ululu. Rugby ili ndi lamulo lakuti wogundidwa m'mutu ndi kuchita chizungulire atuluke pa bwalo nthawi yomweyo. Lamulolo ndi labwino. Koma mwana amene akudziwa kuti bedi lake lili m'miyendo yake adzanena kuti akuona bwino, ngakhale akuona magoli anai.

Aneba sindinawauze za Kolisi kapena za Luanshya. Ndinawamasulira tsamba lachitatu liu ndi liu, kenako ndinawauza za mnzanga. Anakhala chete nthawi yaitali, akusalaza pulasitiki ya buledi pa bondo.

"Manje nikane?"

"Iyai bamai, musakane," ndinatero. "Koma musasaine lelo."

Tinatenga pepala, ndipo tinalemba mafunso anai. Mwana akavulala pa masewera a sukulu, opaleshoni ndi mankhwala adzalipira ndani? Akaleka kusewera chifukwa cha kuvulala, malo ake adzakhalapo mpaka amalize? Jekete, jombo ndi maulendo zili mkati, kapena n'za makolo? Akatsalira m'kalasi adzamuthandiza ndani, ndipo akachoka pakati adzatuluka ndi pepala lotani limene sukulu ya boma ingalandire? Pansi pake ndinalemba kuti mayankho akhale olembedwa, osati a pakamwa.

"Bazakalipa," anatero aneba. "Bazapasa mwana wina."

Mwina adzatero. Sindinawalonjeze kanthu. Ndinangowakumbutsa kuti mwana wao sanakagogode pa geti la sukuluyo. Eni ake ndi amene anabwera kudzamufuna, ndiye kuti ali ndi chinthu chimene akufuna. Wogulitsa amaloledwa kufunsa mtengo. Sukulu imene ikufunadi mwana, osati miyendo yake chabe, mafunso anai sangaithawitse.

Nthawi yonseyi amai anali kutsuka mbale kuseri kwa nyumba, ndipo ine ndinali kuganiza kuti sakumva. Aneba atanyamuka, anatulukira akupukuta manja pa chitenge.

"Funso loyambalo," anatero, "si lija ndinafunsa ine, iwe n'kukana nsima?"

Ndinalibe choyankha. Ndinawalandira mbale.

Kunja kwa geti mnyamata uja anali ataimirira, atamva zonse, nkhope itatupa. Nkhope imeneyo ndinaidziwa. Ndi imene ndinawapatsa amai Sondo lija. Kwa iye ndine munthu amene anadya nyama ya kumayadi zaka zonse, ndipo tsopano ndifuna kumutsekera mbale. Sindinamunyengerere. Ndinamuuza kuti ku sukuluko tidzapita tonse atatu, ndipo ine ndidzavala tayi, koma tisanapite pali munthu amene ndifuna akambe naye. Amapezeka pa Great East Road, atapachikika pa chitseko cha basi, mwendo umodzi wowongoka. Lolemba m'mawa tidzakaima pa siteshoni, ndipo basi yake ikafika, tikwera yomweyo.